Tsiku limene zilembo zinachita chifunga

Impso za amuna anga zitaleka kugwira ntchito, a mpingo anatitumiza kuchipatala cha kunja, ndipo bambowo anabwerako ndi kapaipi pamimba, m'munsi mwa mchombo. Kanayi pa tsiku ndinkalowetsa m'mimbamo madzi a mankhwala a m'thumba la pulasitiki, n'kudikira kuti ayamwe zoipa za m'magazi, kenako n'kuwatulutsira m'thumba lina. Kwathu ku Lobi mwezi wa Juni kumazizira mpaka m'mafupa, choncho thumba lililonse ndinkayamba ndalibereka kumbuyo kuti lifunde. Azimayi a pamjigo ankandinena kuti ndabala mwana wa pulasitiki. Ndinkangowasiya, pakamwa mpawo.

Namwino wa kunjako anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene ndinachigwira ngati lamulo la Mose. Madzi otuluka aja uziwaika pamwamba pa pepala lolembedwa. Zilembo zikamaoneka bwino kudutsa m'thumbamo, kuli mtendere. Zikachita chifunga, tizilombo talowa m'mimba, ndipo usadikire kuti munthu ayambe kubuula. Zinali zaka zoyamba za zipani zambiri, nyuzipepala zikungomera ngati bowa, ndipo amuna anga, pokhala ahedi a sukulu, ankagula iliyonse. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, Chingerezi chinandipita kutali, koma maso anga anali akuthwa.

M'mawa wina zilembo zinachita mbuu. Ndinapukuta thumba ndi chitenje, ndinatuluka nalo padzuwa, ndinasintha nyuzipepala, koma ayi ndithu. Bambowo n'kuti akumanga taye.

"Ine ndili bwinobwino, mayi," anatero. "Ana akulemba mayeso lero."

"Alemba okha. Inu tikupita kuchipatala."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Nsapato zawo ndinali nditaziponya kale m'nkhokwe, ndipo ndinawauza kuti akazipeza titagwirizana.

Pachipatala chaching'ono cha kwathuko panali dokotala wachinyamata wovala gawuni yoyera mbee. Anawayeza kutentha thupi, anawadina pamimba, osapeza kanthu. Nditamuonetsa thumba ndi nyuzipepala yanga anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Amayi, udokotala munauphunzira kuti? Matenda sitiyeza ndi nyuzipepala ife. Tengani panado muzipita."

Amuna anga anachita manyazi, nayamba kupepesa m'malo mwanga m'Chingerezi. Apo m'pamene ndinapsa mtima zenizeni. Ndinakhala pansi pakhomo penipeni pa chipindacho, miyendo tambalale, thumba pamiyendo.

"Kalata yotitumiza ku Lilongwe mulemba," ndinatero. "Apo ayi, odwala anu onsewa azindilumpha."

Mzere unaima. Ena ankang'ung'udza, ena ankati mayiyu wazungulira mutu. Ine osasuntha. Mantha ndinali nawo, koma osati a gawuni yoyera.

Phokosolo linatulutsa namwino wina wachikulire amene ankapima amayi oyembekezera m'chipinda china. Anamva nkhani yanga osandidula. Kenako anabwera ndi kabotolo ka timapepala toyezera mkodzo, timene alendo ena anasiya ngati mphatso, naviika kamodzi m'madzi a m'thumba langa. Anandiuza kuti asilikali a m'magazi akamalimbana ndi tizilombo amasiya chizindikiro m'madzimo, ndipo kapepalako kamachigwira ngakhale munthu asanamve ululu. Tinadikira pang'ono. Kachidutswa koyera ka pakapepalapo kanasanduka kofiirira ngati duwa la mbatatesi.

Namwinoyo sanakweze mawu. Anangoika kapepalako patebulo pa dokotala, n'kumupatsa cholembera. Mnyamatayo analemba kalata ija maso ali pansi, ndipo ine ndinadzuka n'kusasa fumbi kuchitenje.

Galimoto ya chipatala inatitenga masana. Tisanafike n'komwe pa Linthipe, ahedi aja amene ankati ali bwinobwino anali atapindika pakati, thukuta lili kamukamu, bampu iliyonse akulira ngati mwana. Ku Lilongwe anawathira mankhwala m'matumba momwemo, ndipo tinakhalako masabata awiri.

Tsiku limene amuna anga anatha kukhala tsonga anandigwira dzanja, chinthu chimene sankachita pagulu.

"Mayi, mukanandimvera tsiku lija, bwenzi mutandiika m'manda."

Pa zaka makumi awiri za ukwati wathu, tsiku lobisa nsapato lija linali loyamba kuwakanira mawu. Anakhala ndi moyo zaka zina zitatu, ndipo sindinapepese.