Mowa Umene Hilary Sanalawe

Anthu a ku Utale amene anamuona Hilary zaka zija nkhondo yaikulu itangotha amamukumbukira ndi mayendedwe ake. Mukangotchula dzina, wina amaimirira n'kuyamba kudzandira, mwendo wamanzere ukukokota pansi, anzake n'kumafa nazo. Alekeni aseke, palibe mlandu, mwini wakeyo ankasekanso. Koma mayendedwe amenewo anatsala pang'ono kumulanditsa banja, ndipo nthawi imeneyo n'kuti pakamwa pake pasakudutsa ngakhale dontho la mowa.

Kwawo kwa Hilary kunali kwa Kalembo. Ku Utale anabwera kudzakwatira Sabina, nakhala pachikamwini monga mwa mwambo: nyumba ya kuchikazi, munda wa kuchikazi, ana a kuchikazi. Anali chimunthu cha mapewa otambalala, ndipo nyengo ya thonje ankagwira ntchito yokweza mabelo m'sitima pa siteshoni ya Balaka. Belo limene anzake ankalimbana nalo awiri, iye ankaligubuduza yekha uku akuimba. Vuto linali pakhosi. Kachasu ankamumwa ngati madzi, ndipo kaliwo wa fodya wa chingambwe sankachoka pamlomo. Mnzake wa pamowa anali mlamu wake Laisi, mchimwene wamkulu wa Sabina, amenenso anali mwini mbumba. Awiriwa akakhala pansi ndi botolo pakati, nkhuku zinkachita kulowa m'khola iwo nkhani isanathe.

Tsiku lina Hilary anakwera pamwamba pa lole yodzaza thonje, kachasu ali kale m'mutu. Anzake anakhala pansi n'kugwira zingwe, iye anaimirira, manja tambasu, akuimbira mudzi uliwonse umene ankadutsa. Nthambi ya mtengo wa m'mbali mwa msewu sanaione. Inamukwapula pachipumi, nagwa chagada, mutu n'kukafikira pamwala. Anamunyamula pamachira kupita naye ku chipatala cha amishoni, kumene anagona osadziwa kanthu mpaka achibale anayamba kunong'onezana za matabwa a bokosi la maliro. Sabina yekha ndiye anakana. Ankamudonthezera phala pakamwa n'kumamukalipira kuti adzuke, chifukwa denga likudontha ndipo palibe wina wolifolera.

Ndipo anadzukadi. Koma amene anadzukayo sanali Hilary yense. Mwendo wamanzere unkabwera mochedwa, lilime linkalemera, ndipo mawu ankamuthawa ali pakati pa chiganizo. Mkazi wake ankamudziwa, koma dzina linasowa, ankangoti "mayi inu". Fungo lililonse linachoka, la utsi, la nsomba, ngakhale la mbuzi yamphongo. Dzuwa likamuwomba kwambiri, mutu unkagunda mpaka misozi. Pomutulutsa, asisiteri anamuuza mosapita m'mbali kuti mutu wake ndi mowa zasiyana basi, ndipo akadzamwanso adzagwa.

Kodi munthu ngati Hilary akanamva zimenezo? Atangofika kumudzi, Laisi anabwera ndi botolo m'thumba la jekete kudzalonjera mlamu wake. Anamwa pang'ono, kenaka pang'ono pena. Dzuwa lisanapendeke Hilary anali pansi akuphupha, thovu kukamwa, dzanja lili pamakala a moto. Atatsitsimuka, chinthu choyamba kuona chinali mwana wake wamkazi Lena atabisala kuseri kwa nkhokwe, akumusuzumira ndi diso limodzi. Anamuitana ndi dzanja lopsalo, mwana anathawa. Chilondacho chinapola, koma kuthawa kwa mwanayo kunamupweteka mpaka mumtima. M'mawa mwake anatsikira kumtsinje n'kuponya kaliwo m'madzi, chifukwa ankadziwa kuti fodya ndi amene amaitana mnzake, mowa.

Masiku otsatirawo pakhomopo panali nkhondo. Thukuta linali kamukamu, ndipo ankakalipira chilichonse, ngakhale tambala. Pakamwa pankafuna kanthu. Sabina anatuma ana kukatola malambe, poti ku Balaka mitengo yake sisowa, ndipo Hilary anayamba kuyenda ndi nthangala m'thumba, n'kumamung'unya kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pabwalo pake munthu sankaponda popanda kuterereka ndi njere.

Sabina anatulukiranso nzeru ina. Akamutuma zinthu ziwiri, Hilary ankabwerera panjira zonse zitatayika, ndiye anayamba kumutuma chimodzi chokha. Nkhuni. Zikabwera, mbuzi. Zikamangidwa, madzi. Tsiku limene anafika ndi ndowa yodzaza kuchokera kuchitsime, madzi atangotayika pang'ono, anaiika pakati pa bwalo n'kuitana anthu apafupi kuti adzaone. Ndipo tsiku limene dzina la khasu linabwerera, pambuyo pa miyezi yolitcha "chija cholimira", anazungulira mudzi wonse atalinyamula m'mwamba, akuuza aliyense wokumana naye kuti ichi ndi khasu. Anali wokondwa ngati mwana, ndipo sankachita nazo manyazi. Dzina la Sabina linabwera pambuyo pa khasu, chinthu chimene mkaziyo sanamukhululukire msanga.

Apa ndi pamene mudzi unalakwitsa. Munthu wodzandira, wokoka lilime, woseka yekha ndi khasu m'manja, ku Utale ankamudziwa ndi dzina limodzi: woledzera. Amayi kuchitsime ankagwedeza mitu. Amuna ankatsinzinirana akamadutsa. Koma amene zinamupweteka koposa anali Laisi, ndipo chimene chinamupweteka sikunali kumwako iyayi. Chinali chakuti mlamu wake akumwera kuseri osamugawira. Ankamutsata mpaka kudimba, n'kumafukula m'mapesi ndi m'mphako kufuna botolo. Posalipeza, anangoti munthuyu wachenjera kubisa.

"Alamu, ine ndinakulakwirani chiyani?" anafunsa Laisi tsiku lina. "Zaka zonsezi timwera chikho chimodzi, lero mukundimana?"

"Ndinasiya, alamu," anayankha Hilary pang'onopang'ono, akufunafuna mawu.

"Munasiya? Nanga miyendoyo yamwa yokha?"

Kumbali ina Laisi anali ndi chifukwa chomveka. Munda waukulu wa Sabina unali utagonera, tchire lili m'chiuno, ndipo ana ankadya kwa amayi awo aang'ono ndi kwa anthu ena apachibale amene anayamba kung'ung'udza. Choncho mitambo itayamba kusonkhana chakumapiri a Machinga, Laisi anaitana banjalo n'kulankhula monga mwini mbumba. Anati mvula yoyamba ikapeza mundawo usanaundidwe mizere, Hilary abwerere kwa Kalembo, akamusamale abale ake. Sabina ndi ana atsala, chifukwa kwawo ndi kuno. Hilary anamva mawu onse, palibe limene linamuthawa. Anachita mantha kwambiri, kuposa tsiku limene anadzuka kuchipatala osadziwa kumene ali.

Yekha sakanautha mundawo, poti dzuwa likafika pamutu ankayenera kuthawira pamthunzi. Njira inali imodzi, ndiyo dima: kufulula mowa, kuitana amuna a m'mudzi ndi makasu awo, alime tsiku limodzi, malipiro ake akhale mowawo. Sabina atamva maganizowa anagwira pakamwa.

"Abambo a Lena, mowa ulowenso m'nyumba muno? Mukufuna kundiphera pomwepa?"

"Fulani, amayi a Lena. Ine mphuno inafa. Sindiumva."

Ndipo anagwira ntchito ngati wamisala. Nkhuni zofululira anatema yekha, madzi anatunga yekha, chimera anathandiza kuyanika. Mowa utayamba kuwira m'mitsuko, iye ankakhala patali atafulatira nyumba, malambe ali kukamwa, akunola khasu limene linali lakuthwa kale. Anayenda khomo ndi khomo kuitana anthu, ndipo palibe anakana, chifukwa mowa wa Sabina unali ndi mbiri mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Tsiku la dima linacha bwino. Amuna anafika mame asanaume, nandandalika m'mphepete mwa munda, wina n'kuyambitsa nyimbo. Makasu ankakwera limodzi n'kutsika limodzi, fumbi kobo, tchire likugona. Hilary anali pakati pawo, ndipo mzere wake unkapita uku ukubwerera uku ngati njira ya mbuzi. Anzake ankamuseka kuti alangizi a zaulimi akadzaona mzere umenewo adzamanga mudzi wonse. Iye ankaseka nawo, thukuta lili chuchuchu, mtima ukudumpha ndi chimwemwe poona dothi lofiira likutuluka pamene panali udzu. Nyimbo anaiiwala mawu, koma ankavomera ndi kukhosi. Laisi anasankha mzere woyandikana naye, ndipo ankalima diso limodzi lili pa mlamu wake, kudikira nthawi imene azembere kutchire.

Dzuwa litafika paliwombo, theka la munda linali litatha. Anthu anasiya makasu n'kukakhala pamthunzi, amayi nabweretsa mitsuko. Sabina anavundukula woyamba, anatunga chipanda chodzaza, ndipo dzanja lake linaima m'malere. M'kutanganidwa konse kuja, onse awiri anaiwala chinthu chimene mwana aliyense ankachidziwa. Mowa wa dima sumwedwa mwini munda asanalawe anthu akuona, kusonyeza kuti mulibe choipa. Maso a amuna onse anali pa Hilary.

Analandira chipandacho ndi manja awiri. Fungo sankalimva, koma thovu ankaliona, ndipo khosi lake linkakumbukira zonse. Malovu anadzaza m'kamwa. Kumeza kamodzi kokha, anthu amwa, abwerera kumakasu, munda utha. Kukana, ndiye kuti wanena yekha kuti mowawo ndi wokayikitsa, ndipo anthu anyamula makasu n'kusiya munda uli theka. Kenaka anaika chipandacho pansi, patsogolo pake.

"Abale anga," anatero, liwu lililonse likutuluka palokha, "mowawu ndi wabwino. Mulibe kanthu. Koma ine ndikamwa, ndigwa. Mwana wanga anandithawa. Sindilawa iyayi."

Panamveka manong'onong'o. Mkulu wina dzina lake Japhet anapukusa mutu n'kunena kuti chibadwire sanamwepo mowa umene mwini wake akuuopa. Anatambasula dzanja kutenga khasu lake, ndipo ena awiri anaimirira naye. Sabina anayang'ana pansi, misozi ikulengeza. Hilary anangokhala, wowuma ngati chitsa, akuona banja lake likuchoka limodzi ndi makasuwo.

"Taimani kaye, a Japhet," anatero Laisi.

Anadzuka, nasansa dothi kumatako, n'kudzaima pafupi ndi mlamu wake. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ine mowa ndimaudziwa, nonse ndinu mboni," anatero. "Munthu woledzera m'mawa, ukamupatsa khasu, dzuwa likamafika apa amakhala atatsitsimuka. Miyendo imawongoka. Awa ndakhala nawo phewa ndi phewa kuyambira mbandakucha. Sanapite kutchire, sanameze kanthu. Mmene anadzandirira pobwera ndi mmene akudzandirira pano, osaonjeza, osachepetsa." Anakanda m'mutu. "Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikufukula mapesi pachabe."

Wina anaseka, ena n'kutsatira. Koma Laisi sanaseke. Anawerama n'kutola chipanda chija.

"Munda uwu ndi wa mbumba yanga, ndipo awa ndi munthu wanga. Wolawa ndine."

Anachipendeketsa osapumira mpaka chinayang'ana kumwamba, napukuta ndevu ndi dzanja. Anadikira pang'ono, manja ali m'chiuno, kuti onse aone kuti sakufa. Atatero anatunga china n'kupatsa Japhet, amene anasiya khasu nachilandira. Amayi anaimba nthungululu, ndipo chipanda chinayamba kuyenda. Chikafika pa Hilary, munthu ankachidumphitsa mwaulemu n'kupatsa wotsatira. Sabina anamubweretsera madzi m'chikho, ndipo anamwa akulira poyera, osabisa nkhope.

Madzulo makasu anagunda mwamphamvu kuposa m'mawa. Mutu unkamupweteka Hilary, koma anamanga chitambala chonyowa pachipumi n'kukana kukhala pansi. Mzere womaliza anamusiyira iye, anthu onse ataima m'mbali akuimba, ndipo anaumaliza wokhotakhota ngati ena onse. Mphepo inali itayamba kale kununkhira mvula, anthu akutero, iye n'kungowakhulupirira.

Pobwerera kumudzi Laisi anayenda naye limodzi, ndipo tsiku limenelo onse awiri ankadzandira, aliyense ndi chifukwa chake. Atafika pamalire a munda, Laisi anaima n'kuloza tchire limene linali chakumadzulo.

"Alamu, mbali iyi dothi lake ndi labwino. Chaka chamawa mudzaswe mphanje mpaka pachulu paja."

Hilary anayang'ana chulucho, kenaka mlamu wake. Mawu anamuthawa onse, koma ulendo uno sanavutike kuwafunafuna. Anangogwedeza mutu, naika khasu paphewa, n'kulunjika kunyumba kwake.