Dothi lakuda la amama

Atate anadulidwa mwendo wamanzere chifukwa cha shuga, atapuma kale ntchito ya pansi mumgodi. Achibale ankabwera kudzawaona ndi nkhope za pamaliro, koma eni ake analibe nazo nthawi zimenezo. Mikono inali idakali ya munthu amene anakalamba akunyamula zitsulo, moti atangozolowera chikuku chawo cha mawilo anayamba kudzipalasa okha. M'mawa uliwonse ankatuluka pa geti lathu ku Chamboli, komboni ya mu Kitwe, n'kutsata msewu mpaka pansi pa mtengo wa mango wa pakona, pamene madala anzawo a mumgodi amasewera nsolo ndi kunamizana za kale. Ankabwerako dzuwa litapendeka, mawu atasasa ndi mikangano, njala ili yaikulu.

Ndiye kunabwera anthu oyala mapaipi atsopano a madzi. Anakumba ngalande yofika m'chiuno kutsata mipanda yonse ya mzere wathu, kudula pakhomo pa geti lililonse. Sitinadandaule, madzi ndani sawafuna? Atayala paipi, chimakina chinangokankhira dothi lonse m'ngalandemo kamodzin'kamodzi, pamwamba n'kusiya kamtumbira konga ka mbatata, basi anthu aja n'kupita. Mvula yoyamba itagwa, kamtumbira kaja kanamira. Pa geti pathu panatsala chigwa choti ife a miyendo iwiri tinkangodumpha, koma chikuku sichikanadutsa.

Tinayesa kuikapo thabwa, linkagwedera. Tinayesa kuwanyamula ine ndi aneba, atate anakana kwamtuwagalu. "Ine sindine thumba la makala," anatero. Anayamba kukhala pakhonde tsiku lonse maso ali kugeti. Nthabwala zinatha, chakudya ankangochitokosa. Ine ndimagulitsa salaula, zovala zovalidwa kale, kumsika, ndipo amene amandidziwa amadziwa kuti pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Ndinatukwana chimakina chija, woyendetsa wake, mpaka ndi mvula yomwe, koma chigwa chinangokhala pomwepo. Kunena zoona ndinali ndi mantha. Ndinaona kuti munthu amene shuga inamulephera atithera pakhonde chifukwa cha dzenje.

Amama ndi a ku Katete, ndipo ngakhale anabwera ku Kitwe ali mtsikana, mtima wawo udakali wa mlimi. Kuseri kwa nyumba ali ndi kadimba ka repu, tomato ndi nkhwani. Dothi la mmenemo analilera okha ndi zitosi za nkhuku, phulusa ndi masamba owola mpaka linada bii, lofewa ngati ufa. Kwa amama dothi lilipo la mitundu iwiri basi, lakuda lomwe ndi dothi, ndi lofiira lomwe ndi tsoka. Ukangotapako kachitini kobzalamo duwa, unkamva mbiri yako yonse kuyambira tsiku lomwe unabadwa.

Tsiku lina pochokera kumsika ndinapeza amama atamanga chitenje m'chiuno, khasu lili m'manja, bedi lawo lonse la repu atalifukula. Ankatuta dothilo ndi beseni kukathira m'chigwa cha pageti.

"Amama, mwatani? Repu yanu ija!"

"Repu n'chiyani? Atate ako azingokhala pakhonde ngati mphaka? Ndawaikira dothi lenileni, osati zinyalala zofiira zija."

Ndinacheuka kuyang'ana atate. Anatsegula pakamwa, n'kutseka, n'kutsegulanso. Kenaka anangoti, "Zikomo kwambiri, amayi." Amama anasalaza pamalopo ndi khasu, n'kupondapo pang'ono ndi patapata, n'kusesa ndi tsache. Panaoneka bwino zedi, ineyo ndinaombera m'manja.

Mvula inagwa usiku wonse. M'mawa atate anavala malaya awo abwino ndi kapusi, napalasa chikuku kulunjika kugeti. Timawilo takutsogolo tinalowa m'matope kaye, iwo n'kukankha ndi mphamvu, mawilo aakulu nawonso n'kumira mpaka pakati. Anangokhala phee pakati pa geti, kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mbemba wa mawu aakulu, anatuluka akukuwa, kuitana Mulungu m'Chibemba, "Lesa wandi!" Anthu anathamanga kudzathandiza, koma atate anakweza dzanja.

"Musandizule msanga," anatero. "Dothi ili ndi lachonde. Mwina ndimera mwendo wina."

Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi. Imeneyo inali nthabwala yawo yoyamba chiyambire kukhala pakhonde, ndipo mtima wanga unagwa m'malo. Aneba onse anafa nacho chiseko. Amama okha ndi amene sanaseke.

Titawazula n'kuwatsuka, atate anaulula kuti zimenezi anazidziwa dzulo lake lomwe. Ndinalusa. "Nanga osanena bwanji, atate? Mukanathyoka msana!"

"Iwe, munthu wakufukulira repu yake, n'kumuuza kuti walakwitsa? Ndinati bola ndimire."

Kenaka anatembenukira kwa amama n'kuyankhula mofatsa. Anati dothi lakuda ndi lamoyo, lili ndi zowola, limamwa madzi n'kufufuma, likauma n'kunyala. Ntchito yake ndi kudyetsa mizu, osati kusenza katundu. Ngalande imafuna dothi lakufa, lofiira la timiyala, loti ukalitsendera likhale pomwepo. Anati ngakhale pansi mumgodi, podzaza malo omwe achotsamo mwala wa kopa, sankathiramo china chilichonse chowola.

"Ndiye dothi langa n'lachabe?" anafunsa amama.

"Si lachabe, amayi. Langopatsidwa ntchito yosakhala yake."

Amama analowa kukhitchini, ndipo mapoto analira kuposa masiku onse. Kuyambira pamenepo anasiya kuyankhula ndi atate. Mawu onse ankadzera mwa ine, ngakhale onse awiri ali m'chipinda chimodzi. "Uwauze atate ako madzi osamba apsa." Asa! Ndinasanduka telefoni m'nyumba ya makolo anga.

Nkhani ya kumira kwa atate inafika pansi pa mango tsiku lomwelo, ndipo Loweruka m'mawa madala a nsolo anatulukira ndi mapiki, mafosholo ndi mawilibala. Ambiri anali okhosomola ndi odandaula mawondo, koma atangogwira fosholo anasanduka anyamata. Atate anaimika chikuku m'mphepete mwa ngalande n'kuyamba kulamula ngati kapitawo. Choyamba anati dothi lakuda lonse lichoke, ndipo libwerere kudimba mwaulemu, lisatayike ndi pang'ono pomwe. Kenaka madala anafukula ndi dothi losakanikirana lomwe chimakina chinakankhiramo, mpaka paipi inaonekera.

Ine pofuna kuonetsa nzeru ndinakoka thumba la zidutswa za mabuloko zomwe zinali kuseri kwa chimbudzi. Ndinati izi ndiye zolimba, sizingamire. Atate anandiyang'ana ngati ndabweretsa njoka.

"Mwana wanga, ukufuna kuboola paipi kuti mzere wonse utitukwane? Zibuma zoterezi zimasiya mphako pakati pake. Mvula ikalowamo, dothi limatsetserekera m'mphakomo, mawa pamwamba pamira. Bweza."

Ndinabweza ndikung'ung'udza. Pozungulira paipi madala anathira mchenga wa kumtsinje wopanda mwala ndi umodzi womwe, n'kuukankhira pansi pa paipiyo ndi manja. Dothi lofiira la timiyala analituta ku chidzenje cha kunja kwa komboni, kumene okonza misewu anakumba kalekale. Mdala wina anali atakonzeratu chosinjira, chitini cha penti chodzaza simenti, pakati atazikapo mtengo. Chinali chimodzi chokha, ndiye amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi, amene anabwera kudzangoonerera, anabwerera kunyumba zawo kukatenga minsi.

Lamulo la atate linali lakuti dothi lisapitirire chikhato kuchindikala lisanasinjidwe. Uthire pang'ono, umwaze, uwaze madzi, usinje, kenaka uthirenso. Madziwo ndiye anavuta. Wina ankathira ndi ndowa n'kupanga phala, wina ankangodontheza. Atate ankatapa dothi, kulifinya m'manja, n'kupukusa mutu. Ankafuna loti likafinyidwa ligwirane koma lisasiye madzi m'dzanja, ndipo likagwa pansi lisweke. Amama anaonerera zonsezi ali pakhomo la khitchini, mikono itapingasa pachifuwa. Kenaka analephera kupirira. Anatenga kheni yawo yothirira ndiwo, nakankha mdala wa ndowa uja, n'kuyamba kuwaza okha. Atate atafinyanso dothi, anagwedezera mutu kuvomereza.

"Uwauze amako kuti apa ndiye pake," anandiuza.

"Uwauze atate ako kuti za madzi sangandiphunzitse," anayankha amama.

Dzuwa litafika pamutu ngalande inali isanafike ndi theka lomwe, ndipo manja anga anali atatuluka matuza. Ndinaponya munsi pansi. "Atate, tithire lonse kamodzi, tisinje pamwamba, tithane nazo!"

"Ndi zomwe chinachita chimakina chako unkachitukwana chija," anatero. "Munsi sufika pansi, umangolimbitsa khungu."

Ndinatola munsi wanga. Amayi aja anayamba kuimba kuti minsi izigwa pamodzi, ndipo ntchito inapepuka. Ndinaphunzira kumva dothi ndi khutu. Likangothiridwa munsi umalira kuti phu, phu, ndipo likalimba umayamba kudumpha n'kulira kuti di, di. Atate sankalola dothi lina lithiridwe asanamve kulira kwachiwiriko. M'mbali mwa ngalande, momwe chitini sichinkafika, ankatiloza ndi ndodo kuti tibwereze. Pofika pamwamba amayi aja anataya minsi n'kuyamba kuvina pamalopo, Mbemba uja ali patsogolo, madala akuombera m'manja. Anthu odutsa ankafunsa ngati pali ukwati.

Tonse tinati atate adutse pomwepo tione, koma anakana. Anati pamalo pouma aliyense amadzitama, tidikire mvula iyese kaye. Inagwa Lamulungu masana, yamphamvu yosefukira m'misewu, ndipo ine ndinangokhalira kusuzumira pawindo mtima uli m'mwamba. Ndinkaopa kuti pakamiranso, atate sadzafunanso kuyesa.

Lolemba sindinapite kumsika m'mawa. Pageti panali potsukika bwino, pofiira, posamira ndi pang'ono pomwe, pamene pa mageti ena a mzere wathu panali zithaphwi. Madala anabwera kudzachingamira mnzawo, aneba anaima m'mipanda yawo. Atate anapalasa chikuku mpaka m'mphepete mwa dothi lofiira lija, n'kuima. Anapukusa mutu.

"Ine ndekha ndine wopepuka, mwendo umodzi palibe," anatero. "Kuyesa kwenikweni kumafuna katundu wokwanira." Ndinadikira kuti andipatse uthenga woti ndipereke, koma ulendo uno anayang'ana amama m'maso. "Amayi, tabwerani mukhale apa." Anamenya pantchafu pawo.

"Abambo, mwapenga? Pamaso pa anthu onsewa?"

"Madzi munathira ndinu. Pakamira timire tonse."

Amama anayang'ana uku ndi uku, anakonza duku, nati anthu okalamba sachita zachibwana zoterezi. Akunena choncho anali akuyandikira. Anakhala cham'mbali ngati pa njinga, atagwira khosi la atate ndi manja onse awiri, maso atatsinzina. Atate anakoka mpweya n'kukankha mawilo. Chikuku chinadutsa bwinobwino osasiya ndi mkwasa womwe, ndipo msewu wonse unalulutira.

Atafika pamsewu atate sanaime. Anakhotera kumanja n'kuyamba kupalasa mwamphamvu kutsetsereka kulowera kumango, madala akuthamanga pambuyo ndi mawondo awo owawa. Amama ankakuwa kuti awatsitse, asiya madzi pamoto, koma ankakuwa akuseka, chiseko chachikulu chomwe ndinali ndisanachimve chichokereni atate kuchipatala. Ine ndinatsala pageti misozi ili mbwembwembwe, ndipo ndinalowa kukaphula madzi aja.