Maondo a mkamwana

Amayi akufuna ndiwapatse mwana wanga wamkazi akamulere kumudzi, kufupi ndi Manyamula. Akuti mwamuna wofedwa sangalere mwana yekha pa boma. Kuti ndiwayankhe, ndinayenera kukumbukira za maondo a malemu mkazi wanga.

Kwathu mpongozi, amene timati mkamwana, amagwada popereka madzi kwa makolo a mwamuna wake. Mkazi wanga ankagwada bwino ndithu, mpaka pamene anabereka. Kenako maondo ndi zala zinayamba kutupa. M'mawa zinkauma moti sankatha kumanga chitenje. Tsiku lina anapereka kapu kwa abambo ali chiimire.

"Sukulu yamukwera kumutu uyu," anatero amayi, iye akumva.

Kuchipatala anamuyeza malungo, sanawapeze. Tsitsi litayamba kuthothoka anamuyeza kachilombo, kenako anayezanso ine. Namwino ankandiyang'ana ngati ndabisa kanthu. Sanapeze kanthu, koma kumudzi anali ataweruza kale. Zidzolo zitatuluka m'masaya, alongo anga anati ndi mafuta oyeretsa khungu.

Dokotala wina ku Mzuzu ndiye anamugwira zala chimodzichimodzi, namuyang'ana m'kamwa, nayeza mkodzo ndi magazi. Anati matendawa ndi lupasi: chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo. Anati sachizika koma amagonja, bola asasiye mapiritsi ndipo apewe dzuwa.

Mapiritsiwo anathandiza. Koma anamutupitsa nkhope, ndipo ambulera imene ankayenda nayo inakhala nkhani ya pachitsime. Nthawi yopalira itafika, amayi anati apite kumudzi akawaphikire aganyu. Ine ndinatsala pantchito.

Nditapita kukamuona, ndinamupeza nkhope yaphwa, ambulera palibe. Anagwada pamaso pa abambo, pang'onopang'ono, atagwira chitseko.

"Waona?" anatero amayi. "Wachira chomene, wachiriratu. Mankhwala anu aja ndiwo amamudwalitsa."

"Ukumwabe?" ndinamufunsa tili awiri.

"Musadandaule, a bambo a mwana," anayankha, maso ali pa mwanayo.

Mapazi ake anali otupa. Mvula isanathe, impso zinaleka kugwira ntchito, ndipo tinamuika.

Pogawa zovala zake, botolo la mapiritsi silinapezeke m'chikwama mwake. Ndinaliona ndekha m'nyumba ya amayi, pamwamba pa kabati, kuseri kwa mbale za alendo. Linali lodzaza. Mwina analipereka yekha, atatopa ndi kusekedwa. Mwina amayi anamulanda. Mwina amayi analitola maliro atachitika kale. Ndaganizira zonsezi, ndipo palibe chimene ndingatsimikize. Sindinafunse. Amayi analira pamaliro kuposa wina aliyense, ndipo ndikukhulupirira kuti kulirako kunali koona.

Dokotala uja anati si kawirikawiri mwana kutengera matendawa, komabe ndizimuyang'anira. Choncho pomusambitsa ndimamupinda zala, ndimamuona masaya. Akati mwendo ukuwawa, ndimamukhulupirira.

Sabata yatha amayi anabwera pa kabaza, atanyamula nthochi ndi nsalu yoberekera. Mwanayo anawathamangira. Anamukumbatira, kenako anati, "Gwada, upereke moni kwa agogo."

Anagwada mosavuta, akuseka.

"Yewo, amama, mwayenda ulendo wautali," ndinawathokoza m'chinenero cha kwathu. "Koma mwanayu akhala ndi ine."

Sanafunse chifukwa chake. Anapinda nsalu ija, naibwezera m'chikwama.