Nthenga za nkhanga

Bambo a Chisomo, lero mumsika wa Limbe ndaona munthu akusosola nkhanga, nthenga akungotaya m'ngalande. Ndakumbukira Loweruka lija pakhonde ku Soche, mukukonza mivi yolondera nyumba ya abwana anu ku Nyambadwe. Ndinakupatsani nthenga za nkhuku, inu n'kukana. "Mayi a Chisomo, izi zikanyowa ndi chiperoni zimagona, muvi n'kupita kwina. Ndikufuna za nkhanga, za phiko limodzi." Za nkhangazo zitapezeka, munazimanga pamivi ndi ulusi wanga wosokera, n'kulasa thunthu la nthochi pakati penipeni. Mtima wanga unakhala pansi.

Mbava zitakuphani pageti paja, abwanawo anatitumizira uta ndi mivi yanu m'thumba. Yonse inalipo, nthenga zili bwinobwino. Simunaponye ngakhale umodzi.