Dzina lanu pamzere wa wosamalira phukusi

Achimwene, m'mawa uno kwabwera imelo ya munthu wakutali amene sakudziwa kuti tinakuikani m'manda ku Sinda mwezi watha. Akuti phukusi loikira pulogalamu yathu ya detabesi, yosungira ndi kusanja uthenga, likukana kulowa pa sisitimu yatsopano ya kompyuta, ndipo akufunsa kuti mulikonza liti. Ndalephera kukhazikika. Ndafika mpaka pamsika wa Katete, ndabwerako osagula kanthu.

Ndikukumbukira tsiku limene ndinalemba sikiripiti yanga yoyamba, malangizo ouza kompyuta mmene ingamangire phukusi, n'kumadzitama kuti yagwira. Inu munatulutsa laputopu yakale ija, munafufuta zonse, n'kuyesa kuikamo phukusilo. Linakana. Munaseka, n'kunena kuti: "Mwana wa amayi, pa kompyuta yako chilichonse chimagwira. Nanga wa ku Vubwi amene makina ake alibe zimene waiwala kulembamo?" Lero ndayesa monga munkachitira, ndipo ndalikonza. Koma sindingalitumize dzina lanu likadali pamzere wosonyeza wosamalira phukusilo, chifukwa madandaulo azipitabe kwa inu. Dzinalo ndalifufuta, ndalibwezera, ndalifufutanso. Anthu akudikira. Ndalembapo langa, achimwene, osakupemphani. Mundikhululukire.