Nambala ya Mayi wa ku Ntcheu

Pachipatala china ku Pretoria ntchito yanga inali yosandutsa matenda kukhala manambala. Dokotala akalemba nthenda, ine ndinkapeza nambala yake n'kuilowetsa mukompyuta. Lamulo lake ndi limodzi: chimene dokotala sanalembe usachipatse nambala, ngakhale chikukutong'olera maso.

Tsiku lina inandipeza fayilo ya mayi wa kwathu ku Ntcheu, wogwira ntchito ya m'nyumba ku Arcadia, mu Pretoria momwemo. Anali pa mankhwala a khansa, ndipo mankhwalawo anali atamutha maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi aja. Anabwera thupi lili moto. Kulabu anapeza majeremusi m'magazi, nthenda imene timaitcha sepisisi. Malungo sanawapeze. Mayiyo anachira ndi diripi ya dokotala wina wa muwodi, koma kalata yotulutsira analemba ndi bwana wamkulu wa madokotala, uja mafuta ake onunkhira ankatsalira mulifiti. Iyeyo anangoona "Malawi" pakhadi n'kulemba kuti malungo. Sukulu yonse ija, munthu n'kumayeza wodwala ndi pasipoti!

Nambala si yokongoletsera fayilo. Kolandirira odwala mwadzidzidzi, namwino wathu ankayamba wayang'ana nambala yakale ya wodwalayo. Akaona sepisisi ndi kuchepa kwa maselo oyera, munthu sankaima pamzere, poti wotere kutentha thupi kokha kumamutenga tsiku lomwelo. Akaona malungo, ankamulozera benchi.

Ndinawalembera bwanawo kawiri, zii. Kachitatu ndinawatchingira pakhomo la ofesi.

"Adokotala, mayiyu sanapite kumudzi zaka zambiri. Udzudzu wamupeza kuti, konkuno ku Sunnyside?"

Sanaiyang'ane n'komwe fayiloyo. "Anthu a kwanu ndimawadziwa. Iwe ndiwe kalaliki, kalembe zimene ndalemba."

Ndinakalemba. Chala changa chomwechi chinadina nambala ya malungo, kenako ndinakakwera tekisi ya ku Atteridgeville, komwe ndinkakhala, ngati munthu wagwira ntchito yabwino. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, basi. Bwanayo ndimamunyoza mpaka lero, koma chala ichi sindichisiya pambali.

Mwezi usanathe fayilo ija inabweranso, mapepala atsopano awiri okha. Mayiyo anafika m'mawa akunjenjemera, anakhala pabenchi mpaka masana, ndipo anamunyamula pomwepo atakomoka. Sanadzukenso.

Ulendo uno bwana analemba bwinobwino, zilembo zooneka ngati za mwana wa sukulu: sepisisi, maselo oyera ochepa. Manambala ake sindinachite kuwafufuza m'buku. Ndinali nditawalemba kale pakapepala ulendo woyamba uja, kali m'dirowa.