Ndinafufuta Mawu a Mwana Wanga ndi Chilembo Chimodzi

Ndinafufuta mawu a mwana wanga ndi dzanja langali. Palibe wina woti ndimuloze chala.

Ndimakhala ku Ngala. Usodzi ndinasiya msana utayamba kuvuta. Tsopano ndimaika nyimbo m'mamemore khadi a asodzi. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Kompyuta anandigulira ndi Zainabu, mwana wanga woyamba, amene ankagwira ntchito mu ofesi ku Dwangwa.

Ataona kuti ndimachedwa, anandilembera kafayilo ka malamulo. Ukakadina, kamafufuta zonse za m'khadi n'kuikamo nyimbo zatsopano. Mzere woyamba unali wakuti set KHADI=E: basi. Anandiuza kuti KHADI ndi dzina chabe, koma chilembocho n'chimene chimalozera kompyuta malo oti ifufute. Anati ndisadzachisinthe mongoganizira.

Zainabu anamwalira chaka chatha. Anasiya mwana wa zaka zinayi, Amina. M'kompyutamo munali mavidiyo ake, akuimba, akuseka, akumusambitsa mwanayo. Kwina kulikonse kunalibe. Lachisanu lililonse ndikachoka kumzikiti, ndinkamuonetsa Amina amayi ake.

M'mawa wina kunabwera msodzi, anzake akumudikira pa boti. Kafayilo kanakana, kanati E palibe.

"Madala, mwakalamba. Bweretsani khadi langa ndipite kwa odziwa," anatero akuseka.

Zinandiwawa. Ndinatsegula kafayilo, ndinachotsa E, ndinaika D. Ndinadina. Zinatenga nthawi yaitali, koma sindinaimitse. Khadi linatuluka lopanda nyimbo zatsopano. Ndinadinanso, mpaka katatu. Munthuyo anatenga khadi lake n'kumapita.

D anali malo amene Zainabu ankasungako zinthu zake. Ndinazindikira Lachisanu. Munali nyimbo zovina zokhazokha.

Ndinainyamula kompyuta kupita nayo kwa katswiri ku Dwangwa. Anati zikanabwezeka ndikanaizimitsa itangofufuta. Nyimbo zimene ndinathiramo katatu zinakwirira zonse.

Amina anandifunsa, "Agogo, amayi akana kubwera?" Ndinati magetsi achepa. Mpaka lero ndikumunamizabe. Nyimbo imene amayi ake ankamuimbira wayamba kuisokoneza mawu, ndipo ine sindiidziwa bwino kuti ndimukonze.

Inu owerenga, kafayilo kotere sikafunsa, kamangopita kumene mwakalozera. Musanasinthe mzere wa set, tsegulani malowo muone zimene zilimo. Zinthu za anthu amene mumawakonda muzisunge pawiri. Ndipo wina akakusekani kuti simudziwa, vomerani, mulekeni apite. Ine ndinaopa kusekedwa ndi munthu amene ngakhale dzina lake sindilidziwa.